Kuphunzitsa mwana kusaka mbewa popanda machesi m'thumba

Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, m'mbali mwa msewu wa M1 kuyambira pa Chimbiya, kudutsa pa Linthipe ndi pa Bembeke mpaka ku Lizulu, mumadzaza anyamata oimika mipani ya mbewa kuti apagalimoto aone. Ambiri mwa iwo sadaphunzitsidwe ndi wamkulu. Adangoonera anzawo, ndipo chimene mnzako wa msinkhu wako amakuphunzitsa msanga ndi kuyatsa moto kuti mauna aonekere. Pofika Seputembala mapiri athu amakhala atada bii, udzu wofolera utapsa, mapesi amene wina adayala m'munda mwake atasanduka phulusa.

Kungoletsa sikupindula kanthu. Mbewa ndi ndiwo, ndi ndalama ya makope ndi sopo, ndipo zikachepa m'munda mlimi amapumako. Mwana wa kuno adzasaka basi, mufune musafune. Nkhani ndi yakuti apite ndi yani. Ndondomeko iyi ndi ya inu atsibweni, agogo, abambo, ngakhalenso amayi, poti kukumba mbewa si ntchito ya amuna okha. Imafuna nyengo yonse ya mbewa, kuyambira pokolola mpaka mvula itayandikira.

1. Yambani mwadziwa nokha pamene pali malire

Mukamuphunzitsa zakale zokhazokha, mudzamuperekeza kundende. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kuyatsa moto pofuna kusaka. Gwape ndi mbawala sizisakidwa popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Pa ngaka, njovu ndi nyama zina zotetezedwa kwambiri, chilango chimatha kufika zaka 30, ndipo palibe zolipira chindapusa n'kubwerera kunyumba.

Nkhalango za boma nazo zili ndi lamulo lake la 1997, loletsa kusaka ndi kuyatsa moto m'menemo popanda chilolezo. Kuno ndi zambiri: phiri la Dedza, Chongoni, Dzalanyama, Mua-Livulezi, Dedza-Salima, ndipo ku Ntcheu kuli Mvai ndi Dzonzi. Yendani naye mwanayo mpaka m'malire mwa nkhalango imene ili pafupi nanu, mumulozere ndi chala kuti apa mpathu, apo mpaboma. Mbewa zambiri sizili m'nkhalango ayi. Zili m'minda yokololedwa, m'matsala ndi m'mphepete mwa madimba, momwe muli chakudya.

2. Kapempheni, ndipo alankhule ndi mwanayo

Pitani kwa afumu mukawauze kuti chaka chino mukuyenda ndi ana akutiakuti. Kenaka kwa eni minda. Apa inu khalani pambuyo, mwana agwade yekha anene kuti: "Agogo, tabwera kudzapempha kuti tikumbe mbewa m'munda mwanu. Moto sitiyatsa, ndipo maenje tikwirira." Akakana, thokozani ndi kupita kwina. Munda woyalidwa mapesi, wa ulimi wa mleranthaka, musaukumbe ngakhale mwini wake atavomera mwamanyazi. Momwemo mungotchera misampha. Akalozera ndi mizere ya vetiva musaigumule, poti kumtunda kuno ndi imene imagwira dothi mvula ikagwa.

3. Muuzeni mmene uzimba unkayendera

Chitani izi madzulo, mukuotha moto wa Juni. Ana ambiri amaganiza kuti uzimba unali gulu la anthu ndi agalu othamangitsa chilichonse chimene chadzambatuka. Akuluakulu enanso amalakwitsa pomwepa, chifukwa akamasimba amangokumbukira nyama, malamulo aja osawatchula.

Uzimba unali ndi mwini wake. Ankauitana ndi mfumu kapena mwini tchire, pa nyengo yake, ndipo munthu wamba sankangodzuka n'kuliza lipenga. Asananyamuke ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo kupempha mizimu kuti njira iyere. Amuna ankadziletsa usiku wa ulendowo, ndipo amene anali ndi mkangano ndi mnzake ankayenera kuuthetsa kaye. Izi anthu a masiku ano amaziseka, koma taganizani anthu makumi angapo onyamula mauta ndi nthungo m'udzu wautali: simungafune kuti wokusungirani kukhosi akhale kumbuyo kwanu. M'tchiremo aliyense anali ndi pake, owinga paokha, odikirira paokha, ndipo wochoka pamzere ankadzudzulidwa. Nyama ikagwa, mwini wake anali woyamba kuilasa, wosomola ankalandira mwendo, mfumu nayo inali ndi gawo lake. Kumanda, kudambwe ndi m'nkhalango za kachisi simunkasakidwa, ndipo mpaka lero mitengo ikuluikulu ya chilengedwe m'midzi yambiri yatsala kumanda kokha.

Mumuuzenso mosabisa kuti uzimba wa nyama zikuluzikulu sudzabwerera. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza ndi pafupifupi 660,000 ku Ntcheu. Tchire lija lidasanduka minda ya chimanga ndi kachewere. Chimene angatengeko ndi dongosolo lija: kupempha, kumvera wotsogolera, kugawana, ndi kudziwa malo osapondako.

Ngati mungathe, mupite naye ku Chentcherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi akaone zojambula za m'mapanga. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 otere, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Zojambula zofiira amati ndi za Akafula, alenje amene ankakhala m'mapiri amenewa makolo athu olima asanafalikire. Zoyera ndi za Achewa. Utsi umadetsa zojambulazi, choncho mwana adziwe kuti m'phanga simokolezamo moto wootchera mbewa.

4. Maulendo oyamba apite chimanjamanja

Khasu lisiyeni kunyumba, legeni nayonso. Dzukani m'mamawa mame asanaume, muyende m'mphepete mwa munda mukumufunsa: phazi ili n'la chiyani? Wadya chitsononkho ichi ndani? Musamuyankhe msanga. Aphunzire kusiyanitsa manyi a kalulu ndi a mbuzi, njira ya tchenzi m'bango, minga ya nungu, mulu wa fuko ndi una wa mbewa.

Maina a mbewa amasiyanako mudzi ndi mudzi, ndiye gwiritsani a kwanu. Kapuku ndiye wochuluka m'minda, amaswa ana oposa khumi nthawi imodzi, ndipo ndi amene amafukula chimanga chongobzalidwa kumene. Ameneyu mwana asamumvere chisoni. Kapeta ndi wamafuta, amagona pansi nyengo yachilimwe. Chitute ndi wofatsa, amatutira mbewu m'masaya kukasunga kuuna. Phanya amakonda dothi la mchenga ndipo amalumpha. Khoswe wa m'nyumba si ndiwo. Swiswiri, wa kamlomo kosongoka uja, sadyedwa ndiponso amadya tizilombo, ndiye amusiye adzipita.

Musatenge ana opitirira atatu kapena anayi. Mbewa zikachuluka siziika masa, ndipo ana akachuluka wina amabisa machesi m'sokosi.

5. Kukumba

Apa mpamene pali luso lenileni, ndipo mwana amene walidziwa safunanso moto.

Pezani una wamoyo. Pakhomo pake pamakhala dothi latsopano, timanyi tosauma, makoko a mtedza kapena a chimanga, ndi kanjira kosalala kolowera m'udzu. Una umene kangaude wamangapo ulusi ndi wosiyidwa, musataye mphamvu. Musanatemepo khasu, zungulirani mufune mbuli, kabowo kothawira. Kamabisika patsinde pa udzu, nthawi zina mapazi angapo kuchokera pakhomo, ndipo mbuli zimatha kukhala ziwiri kapena zitatu. Zitsekeni ndi mwala kapena chibuluma, kapena muikepo mwana wina wogwira kachibonga.

Tsopano tengani kabango kapena kamtengo kowonda mukalowetse mu unamo. Mwana akumbe motsata kamtengoko ndi khasu lalifupi, pang'onopang'ono, akukankhira kamtengo kutsogolo nthawi iliyonse. Akakumba mwaphuma dothi limagumukira ndipo njira imasowa. Pena adzaona ngati una watha. Sunathe; mbewa yatseka ndi masa. Muuzeni apalase khoma la dzenjelo ndi nsonga ya kamtengo: pamene dothi lili lofewa, losagwirana ngati linzake, ndi pomwepo. Akayamba kutulutsa tiudzu touma todukaduka ndi kumva kafungo, wayandikira kufunkha, chisa cha mbewazo, ndipo aliyense akhale tcheru poti zimatuluka nthawi imodzi.

Lamulo limodzi lokha musalinyengerere: dzanja sililowa mu una. Mauna a mbewa amalowamo njoka zodzasaka mbewa zomwezo, ndipo zina zimakhaliratu momwemo. Mukamuona akupisa, ulendo wa tsiku limenelo uthere pomwepo, abwerere wopanda ndiwo. Mawa sadzaiwala.

Mbewa aiphe kamodzi, osaiseweretsa kapena kuithyola miyendo kuti isathawe. Pomaliza akwirire dzenje ndi kupondaponda. Dzenje losiyidwa limathyola mwendo wa ng'ombe, ndipo ndi limene limachititsa mwini munda kukukanizani chaka chamawa.

6. Misampha yoyenera ndi yosayenera

Diwa ndi mwala waphanthiphanthi wochirikizidwa ndi kamtengo, nyambo ya chimanga chokazinga kapena mtedza itamangidwa pa kaluzi kunsi kwake. Kuliika kuti ligwe mbewa ikangokhudza, koma osagwa ndi mphepo, kumafuna masiku. Musiyeni alimbane nalo, chala chimodzi chidzatupa koma adzalidziwa. Njira imene ikupha zambiri masiku ano ndi ya ndowa. Kumbani dzenje, mukwirire ndowa mpaka m'milomo, muthire madzi theka. Pingasani waya pamwamba wobooleza kabotolo kapena kachitini kuti kazizungulira, mukapake gaga wokazinga wosakaniza ndi mtedza wosinja. Mbewa ikapondapo kamatembenuka. Tcherani madzulo, muwonjole m'bandakucha, ndipo masana muvundikire ndowayo kuopa ana aang'ono ndi anapiye. Mwana awerenge misampha yake potchera ndi powonjola. Msampha woiwalika umapha pachabe.

Khwekhwe wa waya asamugwire n'komwe. Sasankha: amakola galu, mbuzi, gwape wa bere, ndipo ku nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima, kumene kukadali njovu, alonda a bungwe la Wildlife Action Group amakhalira kuchotsa mawaya otere. Tameki ndi mankhwala ena a makoswe ndiye ayi ndithu. Mbewa yofa ndi poizoni ikalowa pampani, adye ndi munthu wapaulendo amene sadziwa kanthu, kapena mng'ono wake wa mwanayo.

Ngati mukuyenda ndi galu, akhale wobayidwa katemera wa chiwewe, ndiponso womva kuitana. Galu wosamva akaona gwape, mlandu ndi wanu.

7. Nkhani ya moto

Makolo adaiika nkhaniyi pachiyambi penipeni. Amati pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu adapekesa timitengo tiwiri n'kubuka moto. Tchire lidayaka, nyama zidathawa zili ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu, bilimankhwe adakwera mumtengo, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Musimbireni mwana nthanoyi, koma musalekere pomwepo. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri amamva bwino mukamuwerengera zimene moto wamudyera iye mwini.

Pitani naye palupsa la chaka chatha. Muonetseni timitengo ta masuku ndi ta mombo timene tidapserera tisadafike m'chiuno. Mufunseni kuti mtolo wa udzu wofolera amayi ake adagula ndalama zingati, ndipo adakaugula kuti. Moto wa Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwaa ndipo mphepo ikukuntha, umapha mitengo yaing'ono, umathamangitsa njuchi m'ming'oma, umapsereza tiana ta kalulu. Nthaka imatsala yambee, mvula yoyamba n'kuikokolola kupita nayo ku Linthipe kapena ku Livulezi. A ku Ntcheu amuuze kuti madzi a m'damu la Mpira, amene amamwedwa mpaka ku Balaka, amachokera m'nkhalango ya Mvai, ndipo dothi lokokoloka m'phirimo limakathera m'damu momwemo.

Chimene ana sadziwa n'chakuti moto suwapatsa mbewa zambiri. Umangoonetsa mauna, koma umatenthanso chakudya ndi pobisala, ndiye zotsala zimasamuka kapena kutoledwa ndi akabawi. Wotchera ndowa pamunda wosapsa amawonjola mpaka chilimwe chithe.

Ngati udzu wachuluka pamene mukufuna kukumba, umweteni ndi chikwakwa, muunjike pambali. Kutentha kumene alangizi a nkhalango amavomereza ndi kwa kumayambiriro, cha mu Meyi kapena Juni udzu usadaumitsitse, m'mamawa kapena madzulo kopanda mphepo, atalambula kaye njira zotchinga moto, ndipo mudzi wonse ukudziwa. Imeneyo ndi ntchito ya afumu ndi komiti, si ya osaka mbewa. Bwampini wa m'chulu, amene anthu amamufukiza ndi utsi, musiyeni kaye mpaka mwanayo atakula. Moto wambiri wolusa umayambira pachulu. Ndipo ponyamuka kunyumba, m'matumba muziyang'anamo, kuyambira ndi anu omwe. Osuta fodya, pepani, mukasutira kunyumba.

8. Kukonza ndi kugawa

Mbewa zitumbulidwe tsiku lomwelo, ziwiritsidwe m'madzi a mchere mpaka zipse, kenaka ziumitsidwe padzuwa kapena pamoto wa kukhitchini zisanaikidwe pampani. Yopezeka itafa kale, osadziwa chaipha, itayidwe m'dzenje. Asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima.

Pogawa tsatani za uzimba zija. Woona una ndiye mwini, wotseka mbuli alandire zake, wamng'ono amene adangonyamula thumba asabwerere chimanjamanja. Mwini munda mupatseni ziwiri kapena zitatu, ndipo apititse ndi mwanayo.

9. Zimene angakumane nazo inu palibe

Njoka ikamuluma iye kapena mnzake: osatema pabalapo, osayamwa, osamanga chingwe cholimba. Wolumidwayo akhale pansi, mwendo kapena mkono usagwedezeke, avule chilichonse chothina, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala msanga. Njoka ija asalimbane nayo.

Akapeza ngaka itadzipinda, asainyamule. Kale ngaka inkaperekedwa kwa mfumu, ndipo ena amaganizabe choncho, koma lero kungopezeka nayo ndi mlandu waukulu. Aisiye pomwepo, adzakuuzeni, inu mudziwitse afumu ndi a zanyama zakutchire kapena apolisi. Munthu wachilendo akamulonjeza ndalama kuti amupezere ngaka, adzakuuzeninso tsiku lomwelo; amene amamangidwa kawirikawiri ndi wonyamula, wotuma ali phee kutauni.

Kadzidzi ndiye nkhani yovuta, poti ambiri tidakula tikumuopa. Zikhulupiriro zanu ndi zanu, koma mwana adziwe kuti usiku wonse mbalameyi imakhala ikugwira mbewa ndi makoswe omwe amatha chimanga m'nkhokwe. Legeni asamulozetse.

10. Mupatseni anzake oti awatsogolere

Nyengo ikamatha, bwererani pambuyo. Musiyeni asankhe munda, akapemphe yekha, agawe ntchito, ayang'ane m'matumba mwa anzake. Inu muzingotsatira osalankhula, zolakwa muzimuuza muli awiri pobwerera, osati pamaso pa anzake. Mudzadziwa kuti waphunzira tsiku limene adzabweze mnzake wamkulu kuposa iye chifukwa chobwera ndi machesi.

Chaka chotsatira atenge ana awiri ang'onoang'ono. Ngati mudzi wanu uli ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe kapena nkhalango ya mudzi, pitani naye ku msonkhano, ndipo pemphani kuti osaka mbewa apatsidwe gawo polambula njira zotchinga moto ndi polondera. Amadziwa tinjira tonse ta m'phiri kuposa akomiti, ndipo moto ukabuka amadziwa amene wayatsa. Afumu ambiri amaika chindapusa cha nkhuku kapena mbuzi kwa wotentha tchire. Pemphani kuti lamulolo lilengezedwe pokolola, ana ali pomwepo, m'malo modikira kuti kupse kaye.

Mwana amene mwaona kuti tchire amaliwerenga bwino, mulimbikitseni sukulu. Ku Chongoni konkuno kuli Malawi College of Forestry and Wildlife, kumene amaphunzitsa alangizi a nkhalango ndi oyang'anira nyama zakutchire. Amafuna satifiketi ya MSCE, ndiye masamu ndi sayansi asazitaye, ndipo masiku a sukulu mbewa azisaka Loweruka lokha.